Inde Wochedwa

"Inde, bwana," anatero mkulu woimbidwa mlandu, akuyankha pa kanema kuchokera kundende, ndipo woweruza anawerama n'kulemba kuti wavomera mlandu.

Kalaliki wa khoti anaika cholembera pansi. Chiyambire m'mawa iye ankaona kuti mawu akuchedwa panjira pakati pa khoti ndi ndende. Woweruza anali atafunsa mafunso awiri motsatizana. Loyamba linali lakuti, "Mukundimva?" Lachiwiri, "Mukuvomera kuti munaba njinga?" Yankho linabwera limodzi lokha.

Pa kanemapo mkuluyo anakhala pa benchi, manja ali pamaondo, akumwetulira ngati munthu amene wayankha bwino. Pambali pake pankaoneka phewa la msilikali wa ndende.

Zaka zonse zimene anagwira m'khotimo, kalalikiyo anali asanadulepo woweruza mawu. Anaimirira.

"Pepani, bwana. Inde ameneyu sitikudziwa kuti ndi wa funso liti."

Woimira boma anaseka. "Mayi, kodi inde alipo mitundu ingati?"

"Lero alipo awiri, achimwene."

Woweruza anayang'ana wotchi, nayang'ananso mulu wa mafayilo amene ankadikira. Kenako anavula magalasi n'kufunsa funso lachiwiri lokha, pang'onopang'ono. Khoti lonse linadikira kuti mawuwo akafike.

Kumwetulira kuja kunazimirira pankhope pa mkuluyo. Anasendera kutsogolo mpaka chipumi chake chinadzaza kanema yense.

"Kuba? Iyayi, bwana. Njingayo ndi ya malemu mkazi wanga."

Woweruza anafufuta zimene analemba zija.