Mayi Waulemu wa pa Foni

Foni ya Birkha inalira kachitatu ali pa mpumulo wa masana.

"Usayankhe, mng'ono wanga," anatero Tilak, Mnepali mnzake amene anakhalitsa m'fakitale ya mapaipi kuno ku Korea. "Ndi mbava zimenezo. Zimanunkhiza aliyense amene wapempha kuti amuwonjezere chilolezo cha ntchito."

Koma Birkha anali atadikira yankho milungu isanu, ndipo chilolezo chake chakale chinali chitatsala ndi masiku khumi okha. Anayankha.

Anali mayi wa mawu aulemu kwambiri. Ankadziwa dzina lake lonse ndi tsiku lake lobadwa. Anati pali pepala limodzi limene Birkha sanasaine, choncho apite ndi pasipoti lisanadutse Lachisanu.

Tilak anapukusa mutu. "Waboma anayamba wakunyengererapo chonchi iwe?"

Birkha anaona kuti achimwenewo akunena zoona. "Mayi, kabeni kwina," anatero m'Chikoreya chake chothyokathyoka, n'kudula foni.

Lachiwiri lotsatira abwana anamupatsa kalata yachidindo. Pempho lake linali litatsekedwa poti mwiniwake anakana kukasaina.

Tilak anaiunika kalatayo padzuwa, n'kuitembenuza kawiri.

"Usafulumire kulira," anatero. "Masiku ano zidindo amasemanso."