Tsiku Loyesedwa Tabitha

Wendell Pruitt anapukutanso manja pa thalauza, koma thukuta silinkamva. Patebulo la kukhitchini panali mwana wake Tabitha, wa zaka zisanu ndi zinayi, buku lili patsogolo. Moyang'anizana naye panakhala Mayi Halvorsen, mphunzitsi wovomerezeka ndi boma, magalasi ali kunsonga ya mphuno.

Lamulo la chigawo chawo silinkapsatira mawu. Mwana wophunzira pakhomo aziyesedwa chaka ndi chaka. Akaoneka kuti akutsalira, makolo amachenjezedwa. Akatsaliranso, palibe zokambirana, akakhale m'kalasi ndi anzake. Chaka chatha Tabitha anadwala nthawi yaitali n'kutsalira, chenjezo linabwera. Lero akangophonya, sukulu ya m'tauni imutenga.

Charlene, mkazi wa Wendell, anaima pafupi ndi sitovu atagwira khofi wozizira kalekale. Iyeyu ndiye anali mphunzitsi wa mwanayo chiyambire. Chimwalirire mwana wawo woyamba pa ngozi ya pamsewu, analumbira kuti Tabitha sadzamuchoka pamaso. M'nyumba imeneyi kutchula sukulu kunali kuponda pachilonda.

"Yamba, mwanawe," anatero Mayi Halvorsen.

Wendell anayang'ana mwana wake. Sabata yonse iye ndi mwanayo ankabisala m'khola la ng'ombe, mayi ake osadziwa, kukonzekera tsikuli mzere ndi mzere: apa uime, apa ubwereze.

Tabitha anawerenga mzere woyamba n'kukakamira. Anabwereza, n'kukakamiranso pamawu omwewo. Kumsewu kunadutsa basi yachikasu, ana asukulu akusokosera m'mawindo, ndipo Tabitha anaiperekeza ndi maso mpaka inakhota.

"Usathamange ayi," anatero mlendoyo, koma cholembera chake chinali chitayamba kale kuyenda.

Kapu inalira pambale m'manja mwa Charlene. Tabitha anacheuka n'kuona misozi ikutsika m'masaya mwa mayi ake. Wendell anagwira mantha enieni. Ambuye, anapempha chamumtima, mwanayu asaiwale zomwe ndamuphunzitsa.

Mtsikanayo anapumira m'mwamba, nayambiranso. Ulendo uno mawu ankangotsetsereka, tsamba lonse osaphonya ndi limodzi lomwe. Masamu nawo anangowapepeta.

Mayi Halvorsen anavula magalasi. "Mayi, mwagwira ntchito. Uyu wapitirira msinkhu wake. Apitirize pakhomo pompano, tidzaonana chaka chamawa."

"Wamva, Wendell? Wamva iwe?" anafuula Charlene, kuseka ndi kulira pamodzi. Anapsompsona mwanayo pamutu n'kutuluka kukaperekeza mlendo ku galimoto.

M'khitchini munatsala awiriwo. Tabitha anasendera kwa bambo ake atazyolika.

"Pepani adadi," ananong'ona. "Ndinayamba bwinobwino kulakwitsa momwe munandiphunzitsira muja. Koma amayi amalira."

Wendell anangomusisita pamutu. Chikwama cha sukulu chomwe anamugulira mobisa chidzagonanso chaka china pansi pa udzu m'khola.