Galimoto Yokula Chiuno

Mnyamata wina amayi ake anamuchenjeza iye akadali kusula madigadi, malata ophimba matayala aja: "Iwe, galimoto ukuikulitsa chiunoyi idzatulukira pati? Geti ndi lomwe lija." Iye anangoseka n'kupitiriza kukhoma. Ana inu, munthu akamakuuzani za moto mumafuna muyambe mwaona chipsera.

Tsiku loitulutsa linafika. Galimoto yakale ija ya mipando iwiri, imene inalowa pabwalo chokokedwa ndi chingwe ili dzimbiri lokhalokha, tsopano inali psuu, injini ikugunda mpaka mawindo a nyumba kunjenjemera. Koma pageti inangotulukapo mphuno yokha. Kumbuyo kotambalala kuja kunakakamira pazipilala zonse ziwiri.

"Achimwene, ipakeni sopo, mwina iterereka!" anakuwa neba.

Iye anatsika, nayang'ana madigadi amene anasula ndi manja ake, nayang'ananso zipilala zimene anamanga malemu bambo ake. China chinayenera kuchoka basi.

"Ndinkanena ine," anatero amayi ake atagwira pamtima. "Tsopano akuba azingolowa ngati kwawo." Analowa m'nyumba akung'ung'udza, n'kutulukamo ndi hamala yaikulu. "Gwetsa chakumanzerecho, n'chopendekeka kale. Bambo akonso sankamva. Koma chiunocho usachikhudze, wachikonza bwino."

Njerwa zitagwa, iye anawatsegulira amayi ake chitseko cha galimoto. Mayiwo anakhala pampando atagwiritsa lamba ndi manja awiri. "Pang'onopang'ono, iwe, utipha! Koma udutsire kumsika, atione."

Mpaka lero pakhomopo palibe geti, ndipo aliyense wodutsa amayamba waima n'kusuzumira.