Khadi la Mtchaina

"Nanga uyo akubwerayo, achimwene, mumufunsanso khadi?" anatero Dorika, dengu la kachewere lili pamutu.

Gervazio, mnyamata wa chipani amene ankabweza aliyense wopanda khadi la chipanicho pachipata cha msika wa Kaphuka, anacheuka.  Wobwerayo anali Mtchaina, mlangizi wophunzitsa alimi kudzala kabichi m'madimba.

Tsoka lake, Gervazio anali ataonerapo kanema ku Lilongwe, ndipo ankakhulupirira kuti Mtchaina aliyense amauluka ndi kuswa njerwa ndi chikhatho. Amene ankalalikira zimenezi pamsikapo anali iye yemwe.

"Kapena lamulo lanuli limaluma amayi okha?" Dorika anawonjezera.

Amayi anzake amene anali atabwezedwa naye limodzi anatula madengu kuti aonerere. Gervazio anadziwa kuti mlendoyo akangodutsa osafunsidwa, palibenso amene adzamuope.

"Kha... khadi, bwana," anatero Gervazio.

Mtchaina uja anaika chikwama pansi. Anapisa m'thumba, nawerama pang'ono, kenaka n'kutambasula manja onse awiri kuloza pachifuwa cha Gervazio.

"Mayo ine! Wayamba!" Gervazio analiyatsa liwiro, kudumpha ngalande n'kukalowa m'munda wa chimanga, chipewa n'kutsala pamsewu.

Mlendoyo anayang'ana kumundako modabwa. M'manja mwake munali khadi la chipani, ataligwira monga mmene kwawo amaperekera chinthu kwa munthu wolemekezeka.

"Ndinagula kale," anatero m'Chichewa chothyokathyoka. "Ndionetse ndani?"

"Sungani, bambo," anayankha Dorika, akulowa mumsika ndi anzake onse. "Lero latikwanira tonse."