Kompyuta Imene Inameza Mawu Omaliza a Apongozi

Tasenderani pafupi, abale anga, nkhaniyi si yokamba mofuula. Akuti zinachitikadi.

Panali munthu wina wojambula mavidiyo a maukwati, anzake ankamutcha Achangu. Kompyuta yake ya patebulo inkachedwa, ndipo iye zochedwa sankagwirizana nazo. Munthu wina wosamudziwa, wa pagulu la pafoni, anamutumizira manambala okwezera liwiro la purosesa, ubongo wa kompyuta, ndi la ramu, ija yosunga zinthu kompyuta ikamagwira ntchito. Akuti akangowalowetsa, makina aziuluka.

Msuweni wake, wokonza makompyuta, anamuchenjeza. Anati ziwirizi zili ngati ng'ombe za pagoli limodzi, ukakwapula imodzi mopitirira, mzere umakhota. Akweze chimodzi pang'ono, ayese, kenako china, ayesenso.

"Purosesa ikalemedwa imatentha, makina n'kuzima, umadziwa," anatero. "Koma ramu, msuweni, imalakwitsa mwakachetechete. Imalemba zolakwika uku ikumwetulira."

Achangu anaseka, amvekere msuweniyo amaopa ndi mthunzi wake womwe. Anakweza zonse ziwiri nthawi imodzi, ramu n'kuikankha kupitirira pamene purosesa ingakwanitse. Kompyuta inayaka bwinobwino, fani ikulira ngati njuchi. Kuyesa sanayese.

Sabata yomweyo anajambula ukwati wa mlamu wake, mng'ono wa mkazi wake. Apongozi aamuna anali odwala, koma anakakamira kuimirira, atagwira mpando, n'kudalitsa mwana wawo ndi mawu onjenjemera. Achangu atafika kunyumba anasamutsira zonse mu kompyuta. Ataona kuti zalowa msanga, anafufuta khadi la mu kamera n'kukajambulirapo phwando la ana a sukulu.

Pasanapite nthawi, apongozi aja anatisiya.

Maliro atatha, apongozi aakazi anatumiza uthenga kuti abwera mawa lake masana ndi ana onse, akufuna kuwamvanso bambo. M'mawa mwake Achangu anatsegula vidiyo ija. Poyambira panali bwino. Itafika poti mkulu uja akuimirira, nkhope inasweka kukhala timabokosi tobiriwira. Pakamwa pankayenda, koma mawu ankangoti tsetsetse ngati mafuta pamoto. Kenako bii.

Anatsegula ina, chimodzimodzi. Anatsegula inanso, inakana n'kutseguka komwe. Mkazi wake, akusesa pabalaza, anafunsa ngati zonse zili bwino. Iye anati inde, mawu akutuluka ngati a munthu wina.

Anaimbira msuweni uja. Msuweni anabwera chothamanga, anabwezera liwiro pamalo pake, n'kuyesa ramu. Sikirini inadzaza mizere yofiira.

"Makina achira," anatero motsitsa mawu. "Koma zimene analemba ali odwala, zinalembedwa choncho. Khadi lija lili kuti?"

Achangu anangoloza kamera. Msuweni anafufuza m'khadimo, anapezamo ana ovala zipewa za mapepala okhaokha. Achangu analembera uthenga munthu wa manambala uja, yankho linali lakuti kwa iye zimayenda bwino. Anafunsa achibale ngati wina anajambula pafoni, onse anati anasiya mafoni m'thumba poti Achangu anali ndi kamera yaikulu.

Geti linalira. Achangu anamva nsapato pakhonde. Analowa onse, mkwatibwi uja akuwagwira mkono mayi ake. Anawakhazika pampando wapatsogolo, pafupi ndi sikirini. Mayiwo anali atavala zovala zomwe anavala paukwati.

Achangu anangotsegula vidiyo ija.

Onse anaonerera nkhope ikusweka. Mayi aja anasendeza mpando, n'kutchera khutu.

"Bambo, chithunzicho chisiyeni, nkhope ndikuidziwa. Tangokwezani mawuwo."

Anakweza mpaka kumapeto. Tsetsetse basi.

Kenako mayi aja anadzuka okha, osafuna kugwiridwa, n'kunena osamuyang'ana:

"Ndiye kuti lero ndawaikanso m'manda kachiwiri."

Akuti mpaka lero Achangu akamva geti likulira, mtima umamudumpha.

Phunziro: Liwiro la mumchenga mumayambira limodzi. Mukamakweza purosesa ndi ramu, kwezani pang'onopang'ono, chimodzichimodzi, ndipo muziyesa musanaikemo za anthu. Kuyaka kwa makina si umboni woti ali bwino. Musafufute khadi musanaonere zimene mwasamutsa. Ngati muli ndi m'bale wokonda kuthamangitsa kompyuta, chonde mupatsireniko nkhaniyi mwachikondi.