Njira Yatsopano ya Mfuko

Padangokhala Mfuko, mmisiri wokumba njira zapansi zimene mbewa zinkadzera potuta mtedza. Vuto lake, ankasintha njira osauza aliyense.

Tsiku lina adakumba yatsopano, nayamba kukwirira yakale.

"Tiyeni, iyi ndiye yachidule!" idatero mbewa ina, Mende, ana ali pambuyo.

Koma Chule adakhala pakhomo pa njira yatsopanoyo. "Dikirani mayi, ndiyambe ine. Inunso a Mfuko, yakaleyo musakwirire msanga."

"Choka apa wopanda mchira iwe, ukutichedwetsa!" adakalipa Mende.

Chule adalowa m'njiramo. Adatuluka matope okhaokha, akupumira m'mwamba.

"Njira njabwino, koma pakati mwalowa madzi a mumtsinje. Ine ndasambira. Nanga ana anuwa?"

Mende adakumbatira ana ake. Mfuko adafukula njira yakale, nati kwa Chule, "Achimwene, tsogolani mukandilozere pobookapo."