Mlamba Wolira wa pa Bangula

"Kakulira," anatero Mayi Tiyamike, akubwerera m'mbuyo. "Lole yanuyi ili ndi poizoni."

Frazer anaseka mokakamiza. Anali atachoka ku Limbe m'mamawa kudzawagulitsa lole yochokera ku Japan. Koma pamsika wa Bangula panali mphekesera yoti galimoto za ku Japanko zinalowa poizoni malo opangira magetsi a nyukiliya ataphulika. N'chifukwa chake anabwereka kachipangizo koyezera poizoniyo, kuti mayi wogulitsa nsombayu akhulupirire.

Kachipangizoko kanangoti tche, tche, tche.

"Mayi, kameneka kamalira paliponse. Dothi, miyala, ngakhale matupi athuwa, zonse zimatulutsa mphamvu imeneyi pang'ono. N'zachilengedwe. Choopsa n'chakuti nambala ikuoneka pakachipangizoyi ikwere."

"Paliponse? Tandionetsani, achimwene."

Frazer anakalozetsa pamtengo wa nimu. Kanalira. Panjinga ya kabaza, kanaliranso. Anthu anaunjikana ndipo Frazer anakomedwa. Anakaika padengu la mlamba wouma wa Mayi Tiyamike.

Tche, tche, tche.

"Mwaona? Nambala yake ndi yomwe ija."

Mayi wina amene anali atasankha kale nsomba anazibweza mwakachetechete. Pofika masana, msika wonse unali utamva kuti mlamba wa Mayi Tiyamike ukulira. Palibe anagulako.

Mayiwo anayang'ana madengu awo odzaza, kenako anayang'ana lole ija.

"Kwezani katunduyu, achimwene. Lole ndagula. Tikagulitsa ku Limbe, kumene sanamve." Anakwera kutsogolo n'kumenyetsa chitseko. "Koma kanthu kanuko kazimitseni."